Mperekezi wa ku Quebec

Mwamuna akabisa mphete sabisika. Amayamba kuseka zosaseketsa, kufunsa mafunso opanda mutu, n'kumagwiragwira zala za mkazi ngati akusankha therere pamsika. Bizwick anachita zimenezi mwezi wonse wa Juni, ndipo Vainess, amene anali atatopa ndi kuvina pa maukwati a anzake, ankaona zonse koma n'kumadzipusitsa dala.

Loweruka lina mnyamatayo ananyamuka ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis kumene ankakhala ndi mayi ake, n'kuyendetsa galimoto mpaka ku South Bend kumene Vainess ankagwira ntchito ya unamwino. Anakakhala pa benchi m'mphepete mwa mtsinje, pakatikati pa tauni, dzuwa likuswa mtengo.

"Wikendi yachiwiri ya Julaye usatenge shifiti," anatero Bizwick. Chichewa chake chinali chokhotakhota, poti anachoka ku Malawi akadali kamwana. "Ndabuka kale chilichonse. Tikupita ku Quebec."

"Quebec ndiye kutinso?"

"Ku Canada. Mzinda wakalekale, Vai. Wazunguliridwa ndi mpanda wamiyala, timisewu take n'topanikiza, anthu ake Chifalansa chokhachokha. Tinyamuka Lachisanu, Lamulungu tabwerako."

"Nanga ife osadziwa Chifalansafe tikatani kumeneko?"

"Tikangoona malo basi." Anayang'ana kumbali n'kukanda khutu losayabwa. "Komanso pali kalesitilanti kena, Loweruka madzulo. Udzatenge diresi yabuluu ija."

Vainess anangoti chabwino, koma m'kati mtima unali kuvina. Zaka ziwiri za chibwenzi si masewera kwa mkazi amene akuyandikira zaka makumi atatu. Mayi ake a Bizwick anali asanamutchulepo dzina, kwa iwo anali "nesi uja wa ku South Bend." Azimayi a kutchalitchi nawo anali atayamba kumufunsa mafunso aja achifundo koma obaya. Za Canada ndi mpanda wamiyala iye analibe nazo ntchito. Ankangofuna mawu amodzi ochokera pakamwa pa Bizwick, ndi mphete yoti anthu aione, kuti ankhoswe ayambe kuyenderana.

Chimwemwe chinatha pamene Bizwick anati, "Usaiwale pasipoti."

Pasipoti ya Vainess sinali kwa Vainess. Chitsikireni ndege m'dziko muno la Amereka, inkagona m'kabati ya malume ake, a Shadrick, ku Speedway, tauni ina ya m'mbali mwa Indianapolis. Iwo ndi amene anamuitanitsa kuchokera ku Ntcheu n'kumuphunzitsa sukulu, ndipo monga amachitira akuluakulu athu ambiri kunja kuno, anasunga kabukuko "kuti kangasowe." Sikanasowedi, koma mwini wake sakanatha kukagwira osayamba wafotokoza kumene akupita.

*

A Shadrick anali mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale potchetcha kapinga amavala malaya a kolala. Vainess anawapeza ali pakhonde Lamulungu masana, magalimoto a mpikisano akulira chapatali m'bwalo lalikulu la m'tauniyo. Anagwada n'kuyamba nkhani yake mozungulira, kuyambira za nyengo, kudzera kuntchito, mpaka anafika pa Canada.

"Canada," anatero a Shadrick. "Ndi ndani?"

"Ndi Bizwick, Malume."

"Bizwick ndi ndani wako?"

Vainess anawerama.

"Ndafunsatu. Pakhomo pano panabwera munthu kudzafunsira mbeta? Ine sindinamuone. Ndiye ndikupatse pasipoti ukagone kunja kwa dziko ndi mwana wa eni ake? Mayi ako ndikawauza chiyani?"

"Tikagona zipinda zosiyana, Malume."

"Zipinda zili ndi zitseko, ndipo zitseko zimatseguka."

Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda Anti Melissa, akazi awo a Shadrick, amene ankamvetsera ali kuseri kwa chitseko cha sefa. Anatuluka akupukuta m'manja.

"Abambo, mwanayu wakula. Mwina kumeneko n'kumene mnyamatayo akufuna kukalankhula zanzeru. Bwanji apite ndi mperekezi?"

A Shadrick anasinkhasinkha mpaka maganizowo anasanduka awo. Vuto linali lakuti achibale a Vainess kuno anali owerengeka, ndipo onse anali omangika ndi ntchito. Apo mkuluyo anachita chinthu chimene Vainess sanachiyembekezere: anatulutsa foni n'kuimbira mayi ake a Bizwick. Anacheza nthawi yaitali, mawu ali odzaza ulemu, ndipo podula anali akumwetulira.

"Mayi aja ndi olongosoka kwabasi. Akuti ali ndi mwana wa achimwene awo, dzina lake Pamela, anabwera chaka chatha kudzaphunzira. Mapepala ake ali bwinobwino, Chifalansa anachiphunzira kusukulu, ndipo tikiti amugulira okha. Iwe ukagona ndi ameneyo. Pasipoti nayi, ndipo pobwera idzafikire pano."

Anti Melissa anadikira mpaka atalowa kukhitchini. Kumeneko anamugwira Vainess padzanja n'kumunong'oneza.

"Wamva bwinobwino? Mwana wa achimwene awo a mayi ake. Ameneyotu ndi msuweni, Vainess, ndipo msuweni si mlongo. Malume akowa atanganidwa ndi kuwerenga zitseko, asungitsa nyama kwa fisi."

Vainess ankaudziwa mwambowo. Mwana wa malume ako ndi munthu woti umaseka naye mmene ungafunire. Mutha kutchulana mwamuna ndi mkazi pamaso pa anthu, kulandana chipewa, kudyerana ndiwo, ndipo amene wakwiya ndiye amaoneka wosaleredwa bwino. Kawirikawiri zimathera pa nthabwala. Nthawi zina zimakathera kutchalitchi, abusa atanyamula Baibulo.

*

Ali panjira yobwerera ku South Bend anaima pamalo omwetsera mafuta n'kumuimbira Bizwick.

"Pam? Aaa, Pam ndi kazeni wanga, Vai. Ali ngati sisitala."

"Amakutchula kuti chiyani?"

"Amunanga." Bizwick anaseka. "Koma ndi joku chabe. Mami anandiuza kuti ndi chikhalidwe chathu, ndizimuyankha kuti akazanga. Usandiuze kuti wayamba jelasi."

"Si nsanje ayi. Kungoti iwe sukudziwa mmene zimathera."

"Zimathera pa kuseka. Ndiponso zatikomera, tapeza wotimasulira Chifalansa."

Munthu wokulira kuno, kumene msuweni ndi mlongo n'chimodzimodzi, ungamufotokozere bwanji kuti nthabwala zina zimakhala ndi mano? Vainess akanati akane mperekeziyo, pasipoti ikanabwerera m'kabati ndipo mphete ikanabwerera kumene inali. Anangodziuza kuti walira mvula walira matope, n'kuliza galimoto.

*

Pamela anali wamtali, watsitsi lalifupi, wa kuseka kofika kutsidya kwa msewu. Pa eyapoti ya Indianapolis anatulukira atakolowekana mkono ndi mayi ake a Bizwick, amene anabwera kudzawatsanzika.

"Mkazi mnzanga!" anafuula Pamela atangomuona Vainess, n'kumukumbatira ngati anakulira limodzi. "Ndiye ndinu amene mukundibera amunanga? Musaope, ine ndine wamkulu wopanda nkhanza. Tandinyamulireniko kachikwama aka."

Onse anaseka. Vainess nayenso anaseka, koma mano okha. Mayi aja anamukonza Pamela kolala, n'kumuuza mokweza kuti, "Mukawasamale amuna anuwo, asakadye zachilendo." Kenaka anatembenukira kwa Vainess. "Muyende bwino, anesi."

Mzinda wa Quebec unali wokongoladi, tisaname. Nyumba zamiyala zotuwa, madenga osongoka, maluwa ofiira akulendewera pa mawindo, timisewu toyalidwa miyala totsetsereka mpaka kumtsinje waukulu woyenda zombo. Pamwamba pa chitunda panali chihotela chachikulu chooneka ngati nyumba ya mfumu, ndipo m'misewu oimba ankaliza zing'wenyeng'wenye zawo, anthu akuwaponyera makobidi m'zipewa. Koma kukongola kwa malo kumadalira amene wakuima pambali.

Chifikireni, Pamela ndiye anasanduka pakamwa pa onse. Woyendetsa takisi, wolandira alendo kuhotela, mayi wogulitsa makeke, aliyense akangoti ayambe Chingelezi kuti athandize alendowo, Pamela ankalumphira kutsogolo ndi Chifalansa chake chosalala. Ankaloza Bizwick, kunena kenakake, anthuwo n'kumwetulira n'kugwedeza mutu. Kenaka ankaloza Vainess, kunenanso kenakake, anthuwo n'kumuyang'ana mwaulemu wapatali.

"Wawauza chiyani?" Vainess anafunsa kamodzi.

"Kuti ndinu wokongola, mkazi mnzanga. Nanga ndiname?"

Palibe chowawa ngati kukambidwa uli pomwepo m'chinenero chimene sukuchimva. Vainess ankangomwetulira paliponse pamene ena amwetulira, osadziwa ngati akuseka nawo kapena akusekedwa.

*

Loweruka m'mawa, m'chipinda chimene ankagona awiriwo, Vainess analimba mtima. Pamela anali pagalasi akupaka milomo.

"Pamela, ndikupemphe kanthu. Lero madzulo utisiyeko awiri. Ola limodzi lokha."

"Iii, ndiye a Shadrick ndikawayankha chiyani? Anandiimbiratu okha, akuti diso langa lisachoke pa inu." Anatseka chopakacho pang'onopang'ono. "Inu mukuganiza kuti ine ndinabwera ku Amereka kudzangophunzira? Azakhali anandiuza ndili fomu thuu kuti Bizwick akumusungira ine. Akuti chuma cha pabanja chisamapite kwa alendo."

Vainess anauma pamene anaima. Pamela anamuyang'ana kudzera m'galasi, nkhope ili phee, kenaka anaphulika chikhakhali mpaka kugwira m'mimba.

"Ndikusekatu ine! Abale, nkhope imeneyo! Kodi ku Ntcheu kulibe chisuweni?"

Ndiye vuto lake linali limenelo. Mawu alionse a Pamela anali ndi khomo lothawira. Ukawatenga ngati oona, ndiwe wansanje wosamva nthabwala. Ukawatenga ngati nthabwala, ukudzipereka wekha.

Masana anakwera pamwamba pa mpanda wa mzindawo, pamene pali mizinga yakale yakuda yoloza kumtsinje. Pamela atatsalira kuti ajambule ngolo yokokedwa ndi kavalo, Vainess anapeza kampata koyamba chifikireni. Anamukokera Bizwick kuseri kwa mzinga wina.

"Bizwick, ine ndatopa. Ulendo uno ndi wa ndani?"

"Ndi wako, Vai. Wako wekha." Anamugwira masaya ndi manja onse, ndipo m'maso mwake munalibe chinyengo ngakhale pang'ono. N'chimene chinkamupweteka Vainess kwambiri: mnyamatayo ankamukondadi, kungoti anali wakhungu. "Pirira mpaka madzulo. Zonse zakonzeka. Pam wandithandiza kupanga pulani ndi anthu a palesitilanti paja."

"Pamela akudziwa?"

"Nanga Chifalansa ndikanachitenga kuti? Ndamupatsa dzulo kaphukusi kuti akawasiyire. Usafunse zambiri, uwononga sapulaizi."

Vainess anafuna kunena kuti, tiye tikatenge kaphukusiko pompano, undifunsire pano pa mzinga, ine sindifuna zambiri. Koma mkazi anganene bwanji zimenezo za mphete imene akuyenera kukhala asakuidziwa? Asanapeze mawu, Pamela anali atafika kale n'kulowetsa mutu pakati pawo.

"Amunanga, miyendo yandipweteka. Mundibereka kapena mundigulira ayisikilimu?"

*

Lesitilantiyo inali m'kamsewu kotsetsereka, matebulo ali panja pansi pa maambulera, dzuwa lachilimwe likuchedwa kulowa. Vainess anavala diresi yabuluu ija. Atafika patebulo, Pamela anachita changu kukhala pampando woyandikana ndi Bizwick, n'kusiyira Vainess wa kutsidya.

"Kuti muziyang'anana m'maso," anatero.

Woperekera zakudya anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera, waulemu wake. Iye ndi Pamela analankhulana motsitsa mawu, bamboyo n'kutsinzinira Bizwick diso limodzi. Chakudya chinabwera, nyama ya bakha ndi mbatata zokazinga, koma Vainess sanamve kukoma kwake. Pamela ankatola za m'mbale ya Bizwick, kumupukuta pakamwa ndi kansalu, ndipo Bizwick, thukuta lili kamukamu chifukwa cha mantha a chimene chinkabwera, sankaona n'komwe.

Kenaka panatulukira mnyamata woliza vayolini n'kuima pafupi ndi tebulo lawo. Anthu a matebulo ena anasiya kudya. Bambo wa ndevu uja anabwera atanyamula mbale yovundikira ndi chivindikiro chasiliva, akuyenda ngati wanyamula mazira. Bizwick anakankhira mpando kumbuyo kuti agwade. Vainess anagwira pachifuwa, misozi ili m'maso kale.

Mbaleyo inatera patsogolo pa Pamela.

Chivindikiro chitachoka, pakati pa keke yaing'ono panali kabokosi kotsegula, mphete ikunyezimira. Pamela anakuwa, n'kuitola, n'kuilowetsa pachala Bizwick bondo lisanafike pansi. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina wachizungu wa tebulo loyandikana anapukuta misozi. Vayolini inakwera mawu, ndipo Pamela anakoleka mkono m'khosi mwa Bizwick amene anali chigwadire, n'kutambasula foni ndi dzanja linalo. Kuwala kunati ng'ani.

"Ayi, ayi, dikirani!" Bizwick anadzuka akupunthwa. "Pam, vula. Si yako imeneyo. Bambo, mwalakwitsa, ndi ya uyu!"

Bambo wa ndevu anayang'ana Vainess, anayang'ana Pamela, n'kufunsa kenakake m'Chifalansa. Pamela anamuyankha akuseka, ndipo bamboyo anasekanso, n'kumusisita Bizwick paphewa monga amachitira ndi mwamuna amene wasokonezeka ndi chimwemwe. Chimene ananena Pamela, Vainess sanachidziwe tsiku limenelo ndipo sadzachidziwa.

"Pam, ndikunena zoona. Vula."

Pamela anakoka mpheteyo mwaulesi. "Yakana, amunanga. Zala zatupa ndi kutenthaku."

"Bweretsa dzanjalo," anatero Vainess. Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono, osakhala ngati ake. "Kuchipatala timavula mphete tsiku lililonse. Sopo pang'ono basi."

Pamela anafumbata dzanja n'kulibisa kukhwapa. "Mukufuna kundithyola chala, mkazi mnzanga? Ndiponso chimene watola msuweni salanda ndi manja. Amakapempha kwa akuluakulu. Si choncho, amunanga?"

Anthu anali akuyang'anabe, akumwetulira, mafoni ali m'mwamba. Kuti Vainess alimbane naye pamenepo, dziko lonse likanaona mkazi wakuda wansanje akulanda mphete ya mkwatibwi. Anaimirira mwakachetechete, n'kutsika kamsewu kaja, nsapato zikugwedera pa miyala.

Bizwick anamupeza kumunsi, pafupi ndi pokocheza zombo, atatsamira chitsulo.

"Vai, ndi yako. Ndinaisankha ndekha, ndinayeza ndi mphete yako yakale ija. Ndikufuna ukhale mkazi wanga. Ndigwade pano?"

"Ugwade ndi chiyani m'manja?"

"Mphete ndi kachitsulo chabe. Pam akuseka, mawa abweza."

Vainess anamuyang'ana. Mawu amene anawadikira zaka ziwiri anali atanenedwa, ndipo ankamveka ngati chakudya chimene wina walawa kale. Komabe mtima ndi wopusa, unkafuna kuvomera. Anatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo foni ya Bizwick inanjenjemera m'thumba, kenaka ya Vainess, kenaka ya Bizwick kachiwiri. Bizwick anatsegula uthenga wa mawu wochokera kwa mayi ake. Munalibe mawu. Munali nthungululu yokhayokha, yaitali, ya mayi amene pemphero lake layankhidwa.

Chithunzi chimene Pamela anajambula chija chinali chitafika kale pa gulupu ya pafoni ya azimayi a mpingo, pa gulupu ya Amalawi a ku Indiana, ndi kumudzi komwe. Bizwick atagwada, Pamela ataonetsa chala, ndipo kumapeto kwenikweni kwa chithunzicho kunkaoneka phewa la diresi yabuluu.

"Ndiwauza adilite," anatero Bizwick.

Madzi akatayika saoleka, ndipo pa magulupu athuwa chithunzi chimayenda msanga kuposa uthenga wa maliro.

*

Lamulungu masana anatera ku Indianapolis. Mphete inali ikadali pachala cha Pamela. Pa eyapoti mayi ake a Bizwick anabwera ndi azimayi anzawo awiri, ndi chitenje chatsopano chimene anamufunditsa Pamela pamapewa. Bizwick anayesa kulankhula, koma mayi ake anamutseka pakamwa ndi dzanja mwachikondi.

"Tikakambira kunyumba, mwana wanga. Lero ndi tsiku losangalala."

Apa pokha Bizwick anachita chamuna. Sanakwere galimoto ya mayi ake. Ananyamula chikwama cha Vainess n'kupita naye ku Speedway, ndipo njira yonse ankangobwereza kuti akonza, akonza, zonse akonza. Vainess anafuna kumukhulupirira. Analibenso china chogwira.

A Shadrick anali pabalaza, jekete la kutchalitchi asanavule. Anti Melissa anakhala pakona maso ali ofiira. Mkuluyo anatambasula dzanja, Vainess n'kuikamo pasipoti.

"Lero kutchalitchi anthu amandipatsa moni ngati wofedwa," anatero a Shadrick. "Ndinatumiza mwana wanga kuti akafunsiridwe, wakasanduka mboni pa chinkhoswe cha eni ake."

Bizwick anagwada pakapeti, n'kufotokoza zonse ndi Chichewa chake chopunduka: za kaphukusi, za woperekera zakudya, za chala chotupa. Ananena kuti amakonda Vainess yekha, ndipo analumbira. A Shadrick anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Wamaliza? Mwina ukunena zoona. Koma nkhani za banja ine sindikamba ndi mwana. Chithunzi chaonedwa ndi anthu, ndiye chiyenera kutsutsidwa ndi munthu wamkulu. Kwanu mwini mbumba alipo?"

"Pepani, mwini chiyani?"

"Malume ako. Mlongo wawo wa mayi ako. Ameneyo ndiye nkhoswe yako, palibenso wina. Anene ndi pakamwa pake kuti zija zinali zachibwana, ndipo apemphe mbeta pakhomo pano monga mwa mwambo. Kufikira tsiku limenelo, ku South Bend usapondeko."

Nkhope ya Bizwick inawala ngati wapatsidwa mayeso osavuta. "Zimenezo zokha? Ndiwaimbira pompano. Ankolo Dixon amandikonda kwambiri."

"A Dixon ake ati?" anafunsa Anti Melissa mwapansipansi.

"Achimwene awo a mami, a ku Zomba. Alipo okhawo."

"Bambo ake a Pamela," anatero Vainess.

Ngakhale a Shadrick anaphethira, poti anazindikira mochedwa kumene lamulo lawo lagwera, koma mkulu wa mpingo sabweza mawu pamaso pa ana. Bizwick anali atadina kale foni, ndipo pofuna kuonetsa kuti sakubisa kanthu, anaikweza mawu kuti onse amve. Inangoitana kamodzi.

"Mphwanga!" Mawu a nkhalamba anadzaza balaza lonse, kumbuyo kukumveka anthu ambiri ndi wailesi. "Iwe mwana iwe! Dzulo ndinali malume ako, lero wandisandutsa mpongozi! Ukumva phokosoli? Mudzi wonse uli pano. Ine ndimadwaladwala, mphwanga, shugayu wandimaliza, ndimati ndifa osaona Pamela ali pabwino. Usiku uno ndigona tulo koyamba chaka chino. Wandichotsa manyazi, mwana wa mlongo wanga. Mulungu akudalitse."

"Ankolo," anatero Bizwick. "Ankolo, pali nkhani."

"Nena, mwana wanga! Lero chilichonse ungapemphe ndikupatsa. Nena!"

Vainess anali chigwadire pafupi ndi khomo, manja ali pamaondo. Sakanatha kulanda foniyo, sakanatha kulankhula pamaso pa akuluakulu, sakanatha kumuikira munthu mawu m'kamwa. Moyo wake wonse unali pa lilime la mnyamata amene anali asanakhumudwitsepo munthu wamkulu chibadwire. Anamuyang'ana, ndipo m'maso mwake munali pempho limodzi lokha.

Bizwick anamuyang'ananso. Anayang'ana foni, mmene nkhalamba inkapuma mwachimwemwe ikudikira.

"Ndimangofuna kukupatsani moni, Ankolo," anatero. "Tayenda bwino."